Reverb ndi Makwaya Ojambulidwa M'tizipinda ta ku Mchesi

 Nkhani yathu lero ikukhudza nyimbo zimene zikujambulidwa m'makomo mwathu muno mu Lilongwe, makamaka za magulu akuluakulu monga makwaya ndi mabandi a malipenga. Ndikufuna tikambe za chida chimodzi chimene chili mu kompyuta ya wojambula nyimbo aliyense, chotchedwa reverb. Chidachi chikagwira bwino ntchito chimakometsa nyimbo mpaka munthu kugwetsa misozi. Koma chawononganso nyimbo zambiri zimene makwaya anazivutikira kwa miyezi akuziphunzira, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Tiyambire ku Mchesi. Amene mumalidziwa dera limeneli mukudziwa kuti ndi kwa anthu a ntchito zamanja. M'mbali mwa msewu muli akalipentala, macheka akulira kuyambira m'mawa, owotcherera zitsulo ali kalikiliki, njinga zamoto za kabaza zikungodutsana. Kuseri kwa zonsezi, m'nyumba za lendi, muli tizipinda timene anyamata atisandutsa masitudiyo. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona n'chimodzimodzi. Kachipinda ka mamita 3 mulitali, mamita 3 mulifupi, pansi pa simenti, denga la malata, kompyuta yokhala ndi FL Studio kapena Cubase, maikolofoni imodzi, kiyibodi imodzi. Anyamata amenewa ndimawapatsa ulemu, chifukwa atsegula khomo limene kale ankalowapo anthu ochepa okha.

Tsono taganizani kwaya ya anthu 30 itafika pa malo otere. Sangalowe onse. Wojambula amayamba wakonza zoimbira pa kiyibodi: ng'oma, besi, mavayolini ndi malipenga a mu kompyuta. Akatero amaitana a sopulano awiri kapena atatu, aimbe mobwerezabwereza kuti amveke ngati ambiri. Atuluke, alowe a alito. Atuluke, alowe a tena, pomaliza a besi. Enawo ali panja pamthunzi, akudikira. Aliyense waimba pakamwa pali pafupi ndi maikolofoni, mpata wa chikhatho chimodzi chokha. Akaziphatikiza zonse, anthu onse aja amamveka ataima pa mzere umodzi, aliyense atakuyandikirani kukhutu. Palibe wakutsogolo, palibe wakumbuyo. Mkulu wa kwaya amamvetsera n'kunena kuti iyi si kwaya yathu ayi, ikumveka youma. Apa ndi pamene wojambula amatsegula reverb n'kuyamba kuthira pa liwu lililonse, kuwonjezera ndi kuwonjezera, mpaka mkulu uja avomere kuti tsopano zayamba kumveka za kutchalitchi.

Zotsatira zake mwazimvapo. Nyimbo ikuimbidwa m'Chichewa chathu chomwechi, koma simukugwirapo liwu ndi limodzi lomwe. Mukumva kuti anthu akuimba mokoma, koma mukafunsidwa uthenga wake mungogwira pakamwa.

Kuti tione pamene palakwika, tiyambe tamvetsa chimene chimachitika munthu akaimba m'nyumba, chifukwa reverb sinayambire mu kompyuta. Liwu likatuluka pakamwa limayenda mu mpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Gawo lina limafika m'khutu mwanu molunjika. Lina limakagunda khoma, denga kapena pansi n'kubwerera, kukagundanso khoma lina n'kubwereranso, kambirimbiri, uku likuchepa mphamvu mpaka kuzilala. Mukafuula moyang'anizana ndi phiri, liwu limabwerera kamodzi, lomveka palokha. M'nyumba yaikulu mawu obwererawo amachuluka n'kuthithikana, kotero kuti khutu silingawalekanitse. Limangomva kuti liwu latsalira m'malere woimba atatseka kale pakamwa. Kutsalira kumeneko ndiye reverb. Ubongo wathu umadalira kutsalirako kuti udziwe kukula kwa malo komanso kutalika kwa pamene waima woimba. Munthu mutam'manga nsalu kumaso n'kumulowetsa m'tchalitchi cha Maula, akangomva wina akutsokomola adziwa kuti sali kuchipinda chogona.

Amene anayamba kuyeza zimenezi mwasayansi ndi Wallace Sabine, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo yophunzitsiramo ya Fogg, mmene mawu a mphunzitsi ankatsalira masekondi oposa 5, ophunzira osamva zimene akuphunzitsidwa. Sabine ankagwira ntchito usiku kunja kutati zii, atatenga chitoliro cha ogani ndi wotchi. Ankalowetsa ndi kutulutsa makushoni a pamipando obwereka ku holo ina, n'kumawerenga nthawi imene liwu likutenga kuti lizilale. Anapeza kuti nthawiyo imadalira kukula kwa chipinda ndi kuchuluka kwa zinthu zofewa zimene zimameza mawu. Nzeru zimenezi ndi zomwe anagwiritsa ntchito pomanga Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900, ndipo mpaka lero imawerengedwa pa maholo abwino kwambiri oimbiramo pa dziko lonse. M'holo imeneyi mawu amatsalira masekondi pafupifupi 2. Holo yotchuka ya Musikverein ku Vienna nayonso ndi masekondi pafupifupi 2. Magulu a orchestra a anthu 80 kapena 100, ndi malipenga awo onse, amakhutira ndi masekondi 2. Nanga kwaya ya anthu 30 ikufuniranji masekondi 5 kapena 6?

Tibwerere m'kachipinda kathu kaja. Nakonso kali ndi reverb yakeyake, koma yoipa. Woimba akaima pakati, liwu lake limakagunda khoma n'kubwerera pasanathe gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Kubwerera kwachangu chotere sikukuza nyimbo. Kumangosakanikirana ndi liwu lenileni, n'kulichititsa kumveka lofinyika, lam'mphuno. Makoma awiri osalala oyang'anizana amaponyerana mawu. Tayesani kuomba m'manja kamodzi m'chipinda chopanda katundu, mumva kulira kwina kosasangalatsa kukutsatira. Chipinda cha mamita 3 chimakwezanso pachokha mawu ena apansi, a pafupi ndi ma hertz 57, ndipo ndi chifukwa chake besi imamveka yaikulu pakona, pakati n'kusowa. Mukajambula mawu 20 m'chipinda chotere, ndiye kuti chipindacho mwachijambula ka 20. Mukathirapo reverb ya holo yaikulu pamwamba, khutu limamva nyumba ziwiri nthawi imodzi, yaing'ono ili m'kati mwa yaikulu, ndipo limadziwa kuti likunamizidwa.

Kafunseni akalipentala a ku Mchesi komweko. Thabwa losapala bwino mukalipaka vanishi, zipsera zake ndi pamene zimaonekera kwambiri. Reverb imachita zomwezo. Woimba amene waphonya kiyi kwa kamphindi, reverb imakukumbutsani kuphonyako kwa masekondi 3.

Choncho ntchito yoyamba ichitike maikolofoni isanayatsidwe. Matileyi a mazira amene ambiri amakhoma kukhoma sathandiza kwenikweni. Ndi opyapyala, ndipo phokoso la macheka kapena la chigayo limadutsa ngati palibe kanthu. Chimene chimameza mawu ndi chinthu chofewa komanso chochindikala: matiresi oimika kumbuyo kwa woimba, mabulangete olemera opachika motalikirako pang'ono ndi khoma, kapeti pansi. Amene ali ndi kangachepe angapemphe kalipentala kuti awakhomere mafelemu a matabwa okuya masentimita 10, n'kudzazamo zofewa, n'kukuta ndi nsalu. Luso limeneli ku Mchesi lili pakhomo pomwe. Woimba asaime pakati penipeni pa chipinda, asaimenso pakona. Ndipo chonde, makiyibodi a Yamaha PSR amene ali m'matchalitchi ambiri amabwera ali ndi reverb yawo yoyatsa kale. Muizimitse musanajambule, chifukwa ikalowa siichokanso.

Reverb yochita kupanga inayamba movutikira. Mu 1947 katswiri wina wa ku Chicago, Bill Putnam, anaika sipika ndi maikolofoni m'bafa kuti nyimbo ya gulu la Harmonicats imveke yakuya. Mu 1957 kampani ya EMT ku Germany inapanga chipangizo chokhala ndi chitsulo chachikulu chopyapyala chimene chinkanjenjemera ndi mawu, cholemera makilogalamu oposa 250. Mu 1976 kampani yomweyo inatulutsa EMT 250, yogwira ntchito ngati kompyuta. Zonsezi zinali za masitudiyo olemera okha. Lero mnyamata wa ku Biwi ali nazo mu laputopu, zina mwa izo zaulere. Chida chilipo, chimene chatsala ndi kuphunzitsana kagwiritsidwe kake.

Ndiye tikambe za kuya kwa nyimbo, koti wina amveke pafupi, wina kutali. Onani mmene orchestra imakhalira pa siteji. A mavayolini amakhala kutsogolo, a zitoliro pakati, a malipenga ndi ng'oma kumbuyo kwenikweni. Kwaya yathu nayonso ili ndi dongosolo lake: kawirikawiri amayi kutsogolo, abambo kumbuyo, wotsogolera nyimbo patsogolo pa onse. Ntchito ya womikisa ndi kubwezera anthuwa pamalo pawo, ndipo onse akhale m'nyumba imodzi. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Amaika reverb ina pa sopulano, ina pa besi, ina pa mavayolini, ina pa wotsogolera, ndiye kwaya imodzi ikuimbira m'nyumba zinayi zosiyana. Tsegulani reverb imodzi yokha pa njira yakeyake, kenako liwu lililonse mulitumize kumeneko kudzera pa chotumizira mawu chotchedwa send, lina kwambiri, lina pang'ono. Kompyuta yanu nayonso ipumako.

Khutu limadziwa kuti munthu ali kutali poyerekeza mphamvu ya liwu lolunjika ndi mphamvu ya mawu otsalira. Mtunda ukawirikiza kawiri, liwu lolunjika limatsika ndi ma decibel 6, pamene kutsalira kwa m'nyumba kumakhala pafupifupi chimodzimodzi paliponse. Choncho mukafuna kuti a besi kapena malipenga abwerere kumbuyo, kuwonjezera reverb kokha sikukwanira. Tsitsani liwu lawo lenileni pang'ono, reverb yawo ikhale pomwepo. Kenako chepetsani kuthwa kwa mawu awo, chifukwa mawu apamwamba, aja onga s ndi ch, ndi amene amayamba kutayika liwu likamayenda mtunda. Munthu amene mukumva mpweya wake ndi kutseguka kwa milomo yake sangamveke kuti ali kumbuyo, ngakhale mutamuthira reverb yochuluka bwanji. Maikolofoni yambiri ya m'situdiyo imanenepetsanso liwu la munthu woimbira pafupi kwambiri. Kunenepa kumeneko kuchotsedwe, apo ayi pojambula a kumbuyo muwaimike patali pang'ono.

Pali kabatani kena kamene anyamata ambiri sakakhudza n'komwe, kolembedwa kuti pre-delay, koma ndi kamene kamapulumutsa wotsogolera nyimbo. Munthu akakhala pafupi nanu m'holo, liwu lake limakufikani msanga, la kukhoma n'kubwera pambuyo. Pakati pamakhala kampata. Akakhala kutali, moyandikana ndi khoma, ziwirizi zimafika pafupifupi limodzi. Pre-delay ndiye kampata kameneko, ndipo amakayeza m'mamilisekondi, kutanthauza magawo a sekondi itagawidwa ka 1,000. Mukaika mamilisekondi 30 kapena 40, liwu la wotsogolera limayamba lamveka bwinobwino reverb isanafike, ndipo amaima patsogolo ngakhale nyumba ikumveka yaikulu. A kumbuyo akwanira ndi mamilisekondi 10 kapena osafika. Njira yosavuta ndi kutsegula reverb yomweyo kawiri, zonse zofanana kupatula pre-delay, ina ya akutsogolo, ina ya akumbuyo. Nyumba imakhalabe imodzi.

Reverb nayonso imafunika kusefedwa. Ku situdiyo ya Abbey Road ku London anazolowera kudula mawu apansi pa ma hertz 600 ndi apamwamba pa ma hertz 10,000 asanalowe mu reverb, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito m'masitudiyo ambiri. Mawu apansi akamatsalira ndi amene amadetsa nyimbo, pamene apamwamba kwambiri amaichititsa kumveka ya pulasitiki. Gitala ya besi ndi ng'oma yaikulu zisalowemo, kapena zilowe pang'ono zedi.

Za kutalika kwa reverb, funsani nyimbo yomweyo. Nyimbo yothamanga ya mabiti 120 pa mphindi, biti iliyonse ndi theka la sekondi. Reverb ya masekondi 3 idutsa mabiti 6. Chord ya nyimbo ikhoza kukhala itasintha kale, yakale ikulirabe. Nyimbo zathu zovina, zoomba m'manja, ine ndimaona kuti zimakwanira ndi sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. Nyimbo yodekha ya m'buku ingafike masekondi 2. Pali chifukwa chinanso chokhudza chinenero chathu. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o, u. Poimba, malembo amenewa ndi amene amatalika ndi kukhala ndi mphamvu, pamene enawo ndi afupi ndiponso ofooka. Reverb ikatalika, lembo la liwu limaphimba chiyambi cha phatikizo lotsatira, mawu n'kusungunuka. Kwaya imaimba kuti ilalike. Uthenga ukatayika, ndalama zonse zimene amayi anasonkha zapita pachabe.

Kumbukiraninso kumene nyimboyo ikupita. Ambiri adzaimvera pa foni ya sipika imodzi, m'minibasi, kapena pa kawailesi ka mabatire, itadutsa kale pa WhatsApp. Reverb imene m'mahedifoni imamveka yotambalala kumanja ndi kumanzere, pa sipika imodzi imaunjikana pakati, pomwe pali woimba. Nyumba zoulutsira mawu nazonso zili ndi makina okweza mawu ofooka kuti zonse zimveke mofanana, ndiye reverb imene munaisiya pansi imakwera ikafika pa wailesi. N'chifukwa chake ndimati mukweze reverb mpaka muyambe kuimva, kenako mubwezere pang'ono. Muizimitse mwadzidzidzi nyimbo ili m'kati. Ngati nyimbo yafinyika, ndiye kuti inali pamlingo wake. Ngati mwapuma mpweya wabwino chifukwa mawu ayamba kumveka, inachuluka.

Sindikunena kuti reverb yambiri ndi tchimo. Ife Amalawi timakonda reggae, ndipo ku Kingston m'zaka za m'ma 1970 King Tubby, amene naye anali ndi situdiyo ya m'nyumba, anasandutsa reverb ndi eko kukhala zida zoimbira pazokha. Koma iye ankaithira pa ng'oma imodzi, pa liwu limodzi, pa nthawi yosankhidwa, zinazo zili zouma. Ankadziwa chimene akufuna, ndipo sankabisa kanthu.

Dziko lino lili ndi mbiri ya kajambulidwe kena kamene tikuyamba kukaiwala. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi ndi maikolofoni imodzi ya m'manja, n'kumaiyandikitsa kwa amene akufuna kuti amveke. Mukamvera zimene anajambulazo mumadziwa amene ali pafupi ndi amene ali kutali, chifukwa anaimadi choncho. Titalandira ufulu mu 1964, oimba ambiri ankajambulira ku MBC ku Blantyre, gulu lonse likuimba pamodzi. Masitudiyo ang'onoang'ono atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1990, monga ya Paul Banda ku Balaka, oimba ambiri anapeza mwayi, ndipo pang'ono ndi pang'ono tinazolowera kujambula munthu mmodzimmodzi. Komabe mu 2013 wojambula wina, Ian Brennan, anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba m'kati mwa ndende momwemo, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016. Munalibe situdiyo yamakono mmenemo. Munali anthu, nyimbo zawo, ndi makoma a malo amene ankakhala.

Ndiye funso langa kwa ojambula a ku Mchesi, a ku Kawale ndi a ku Area 25 ndi ili: laputopu imanyamulika, bwanji osapita nayo kutchalitchi? Kwaya imaphunzira m'nyumba imene inaizolowera, mmene oimba amamvana ndi kupuma limodzi. Sankhani tsiku la pakati pa sabata, nthawi yopanda phokoso, osati nyengo ya mvula ngati denga ndi la malata. Maikolofoni awiri, okwezedwa pamwamba pa mitu, mamita angapo patsogolo pa kwaya, ina imodzi ya wotsogolera. Kuya konse kumene mumakuvutikira usiku wonse pa kompyuta mudzakupeza kuli kale m'mawu. Dziwani chabe kuti tchalitchi chopanda anthu chimalira kwambiri kuposa Lamulungu, chifukwa matupi ndi zovala zimameza mawu. Chikalira mopitirira, sendezani maikolofoni pafupi.

Pamene kwaya singajambulidwe choncho, pali njira ina imene ndimalakalaka achinyamata athu ataitenga. Mu FL Studio muli Fruity Convolver, mu Reaper muli ReaVerb. Zida zimenezi zimatha kutenga kalilidwe ka nyumba yeniyeni n'kukaveka pa liwu lojambulidwa kwina. Mumalowa m'tchalitchi muli zii, mwapempha kale kwa abusa kapena kwa bambo mfumu, n'kuphulitsa chibaluni kapena kuombanitsa matabwa awiri kamodzi, n'kujambula mpaka kulirako kutazilala. Kafayilo kameneko mukakalowetsa mu chidacho, woimba wa m'kachipinda ka ku Mchesi amamveka ngati waima m'tchalitchi chimenecho. Lero anyamata athu amasankha maholo a ku Ulaya amene anabwera ndi pulogalamu. Koma tili ndi St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa ndi njerwa ndipo chinatha mu 1891. Tili ndi St Peter's ku Likoma, tili ndi Nkhoma, tili ndi Maula, tili ndi matchalitchi a m'makwalala mwathu amene makutu a anthu athu anakuliramo. Ophunzira a ku Music Crossroads Academy ku Area 23 atati ayende ndi chojambulira n'kusonkhanitsa kalilidwe ka nyumba zimenezi, n'kugawira masitudiyo onse a m'mataunishipi, ingakhale ntchito yotsika mtengo koma yothandiza ambiri.

Pomaliza ndilankhule nanu atsogoleri a makwaya, chifukwa nthawi zambiri ndinu amene mumapempha kuti awonjezere. Musanalipire ndalama yomaliza, tengani nyimboyo pa foni, mukaimbire munthu amene sanaimvepo, ngakhale mwana wa sukulu, ndipo mum'pemphe abwereze mawu a ndime yoyamba. Akalephera, ibwezeni kwa wojambula akachepetse reverb.